Kusewera magemu akale pa makina amakono

Kusewera magemu akale pa makina amakono ndi ndondomeko imene makampani opanga makina a magemu, makamaka Nintendo, Sony ndi Microsoft, amaperekera masewero a m'zaka za m'ma 1980, 1990 ndi 2000 kwa anthu amene amalipira pamwezi kapena pachaka. Wosewera sagula gemu iliyonse payokha. Amalipira kamodzi n'kutsegulidwa mndandanda wonse wa magemu, ndipo nthawi imene analipira ikatha mndandandawo umatsekeka, monga zimachitikira ndi DStv. Ndondomeko zodziwika kwambiri ndi Nintendo Switch Online, PlayStation Plus ndi Xbox Game Pass. Makampani onse atatuwa sagulitsa ntchitoyi mwachindunji ku Malawi, choncho osewera a m'matauni monga Area 24, Kawale ndi Biwi ku Lilongwe amaifikira podzera ku maakaunti a mayiko ena, ndipo ambiri amasewera magemu akale mwa njira zina.

Chiyambi

Ganizo lolipira pamwezi kuti munthu azisewera magemu ambiri si latsopano. Mu 1994 kampani ya Sega inayambitsa Sega Channel ku America, imene inkatumiza magemu a Sega Genesis kudzera pa nthambo za TV. Chaka chotsatira Nintendo inatulutsa Satellaview ku Japan, kachipangizo kamene kankalandira magemu kuchokera ku satelayiti. Ntchito zonse ziwirizi zinatha, ndipo magemu ena a Satellaview anasowa chifukwa sanaikidwe pa katiriji yogulitsa.

Mu 2006 Nintendo inatulutsa makina a Wii pamodzi ndi Virtual Console, sitolo ya pa intaneti yogulitsa magemu akale imodziimodzi. Munthu akagula gemu, inkakhala m'makina ake osalipiranso. Sitolo ya Wii inatsekedwa pa 30 Januwale 2019, ndipo ya Wii U ndi Nintendo 3DS inasiya kugulitsa pa 27 Malichi 2023. Makina a Nintendo Switch, amene anatuluka pa 3 Malichi 2017, sanakhale ndi Virtual Console. M'malo mwake kampaniyo inaika magemu ake akale m'ndondomeko yolipira pachaka.

Mmene zimagwirira ntchito

Gemu yakale inalembedwa kuti iziyenda pa zipangizo za nthawi yake zokha. Kuti iyende pa makina atsopano pamafunika pulogalamu yotchedwa emulator, imene imatengera kachitidwe ka makina akalewo mpaka gemuyo "kuganiza" kuti ili pa makina ake enieni. Zimene zinali mu katiriji kapena pa CD zimakoperedwa kukhala fayilo, ndipo emulator imawerenga fayiloyo.

Magemu a m'ma 1980 ndi ang'onoang'ono zedi. Super Mario Bros. ya mu 1985 ndi ya makilobayiti pafupifupi 40, kuchepera chithunzi chimodzi chojambulidwa pa foni. N'chifukwa chake Nintendo imaika magemu onse a makina amodzi m'pulogalamu imodzi, imene munthu amadawunilodi kamodzi. Magemu a PlayStation 2 ndi aakulu kwambiri, poti ankabwera pa DVD yotha kusunga magigabayiti 4.7.

Pali zinthu zimene emulator imawonjezera zomwe kale kunalibe. Wosewera atha kusunga gemu paliponse pamene wafika, atha kubweza nthawi masekondi angapo akagwera m'dzenje kapena akaphedwa, ndipo atha kusewera ndi mnzake amene ali kutali kudzera pa intaneti. Amene anakula akuyambiranso Mario kuchokera pachiyambi nthawi iliyonse magetsi akathima amaona kubweza nthawiku ngati kubera, koma n'kumene kwathandiza anthu ambiri kumaliza magemu amene anawakanika ali ana.

Njira ina ndi yosewera gemu imene ikuyendera pa kompyuta ya kampani kutali, wosewerayo n'kumangolandira chithunzi. Njira imeneyi imafuna intaneti yothamanga komanso yosadukaduka, ndipo imadya data yambiri.

Nintendo Switch Online

Nintendo Switch Online inayamba mu Seputembala 2018 ndi magemu 20 a makina a NES, amene ku Japan amatchedwa Famicom. Pakati pa magemuwo panali Super Mario Bros., Super Mario Bros. 3, Donkey Kong, Ice Climber, Excitebike, Balloon Fight, Double Dragon ndi The Legend of Zelda. Ku America mtengo unali madola 19.99 pachaka kwa munthu mmodzi, kapena madola 34.99 kwa gulu la maakaunti osapitirira 8.

Mu Seputembala 2019 anawonjezera magemu a Super Nintendo, kuphatikizapo Super Mario World ndi Super Mario Kart. Mu Okutobala 2021 kunabwera gawo lodula lotchedwa Expansion Pack, pa mtengo wa madola 49.99 pachaka, lokhala ndi magemu a Nintendo 64 ndi Sega Genesis, makina amene kunja kwa America amadziwika kuti Mega Drive. Zinali zachilendo kuona Sonic pa makina a Nintendo pafupi ndi Mario, chifukwa m'ma 1990 makampani awiriwa anali pampikisano woopsa. Magemu a Game Boy ndi Game Boy Advance anabwera mu Febuluwale 2023, ndipo a GameCube anabwera pa 5 Juni 2025 pamodzi ndi makina a Nintendo Switch 2, amene ndi okhawo otha kuwasewera.

Magemuwa amasungidwa m'makina, choncho atha kuseweredwa popanda intaneti. Koma pali lamulo limodzi: makinawo ayenera kulumikizidwa ku intaneti kamodzi pa masiku 7 aliwonse kuti kampani itsimikize kuti munthuyo akulipirabe. Masiku 7 akadutsa, magemu onse amakana kutseguka ngakhale ali momwemo.

PlayStation Plus ndi Xbox Game Pass

Sony inayambitsa PlayStation Plus mu 2010, ndipo mu Juni 2022 inaigawa m'magawo atatu: Essential, Extra ndi Premium. Magemu akale a PlayStation yoyamba, PlayStation 2 ndi PSP ali m'gawo lapamwamba lokha. Tekken 2, Ape Escape ndi Syphon Filter ndi ena mwa oyambirira. Mu Seputembala 2023 mtengo wa Premium ku America unakwera kuchoka pa madola 119.99 kufika pa 159.99 pachaka.

Magemu a PlayStation 3 sadawunilodika, amangoseweredwa kuchokera ku makompyuta a Sony, chifukwa purosesa ya makinawo, yotchedwa Cell, ndi yovuta kuitengera. M'mayiko amene Sony ilibe ntchito yotumiza magemu mwa njirayi, gawo lapamwamba limatchedwa Deluxe ndipo lilibe magemu a PlayStation 3 akalewo. South Africa ndi limodzi mwa mayiko amenewa, zimene zimakhudza Amalawi chifukwa ambiri amatsegula maakaunti a kumeneko.

Microsoft inatenga njira ina. Mu 2015 inayamba kulola magemu a Xbox 360 kuyenda pa Xbox One, ndipo mu 2017 inawonjezera a Xbox yoyamba. Munthu amene ali ndi DVD yakale ya gemu imene ili pamndandanda atha kuilowetsa m'makina atsopano osalipiranso. Kampaniyo inasiya kuwonjezera magemu mu Novembala 2021, atapitirira 600, ponena kuti otsalawo ali ndi mavuto a ziphaso ndi a luso. Ena mwa magemuwa amapezekanso mu Xbox Game Pass, imene inayamba mu Juni 2017.

Magemu amene Amalawi anakula nawo

Mawu akuti "gemu yakale" satanthauza chinthu chimodzi kulikonse. Mindandanda ya makampaniwa imatsata zimene ana a ku Japan, America ndi Ulaya ankasewera, pomwe ku Malawi magemu anafika mochedwa komanso podzera njira zina.

Makina enieni a Nintendo sanafale m'dziko muno. Chimene chinafala ndi makina otsika mtengo otengera Famicom, opangidwa ku China ndi Taiwan, amene anthu ankangowatchula kuti "TV game". Makina otere anafalanso m'mayiko ena ambiri: ku South Africa kunali Golden China, ku Russia kunali Dendy, ndipo ena ankapangidwa mooneka ngati PlayStation n'kupatsidwa dzina la PolyStation. Ankabwera ndi mapadi awiri, kamfuti kapulasitiki ndi katiriji, nthawi zambiri yachikasu, yolembedwa kuti muli magemu masauzande kapena mamiliyoni. Kunena zoona munkakhala magemu ochepa chabe obwerezedwabwerezedwa, ena atangosinthidwa mtundu kapena poyambira. Mario, Contra, Duck Hunt, Circus Charlie ndi gemu ya akasinja ya Battle City ndi amene ankapezeka kawirikawiri. Ana amene kwawo kunalibe TV ankasewera Brick Game ya mabatire, kenako Snake pa mafoni a Nokia.

Ndiye kuti mwana wa ku Lilongwe amene ankasewera Mario cha m'ma 2000 ankasewera gemu ya mu 1985 pa makina amene Nintendo sinapange, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe dzina la kampaniyo. Kwa anthu amenewa pulogalamu ya NES ya pa Switch ndi imene ili pafupi ndi ubwana wawo, ngakhale siifanana ndi katiriji yachikasu ija. Katirijiyo inkasakaniza magemu a Nintendo, Konami, Namco ndi makampani ena popanda kupempha aliyense, pomwe Nintendo iyenera kugwirizana ndi mwini gemu aliyense asanaiike pamndandanda. Duck Hunt ili ndi vuto lakelake. Kamfuti kake kamadalira mmene ma TV akale agalasi, okhala ndi chimsana kumbuyo, amawalitsira chithunzi, ndipo sikagwira ntchito pa ma TV opyapyala amene anthu amawatchula kuti pulazima.

Gawo lachiwiri la mbiriyi ndi PlayStation 2. Makinawa anatuluka mu 2000, anagulidwa oposa 150 miliyoni padziko lonse, ndipo atasiya kupangidwa cha kumayambiriro kwa 2013 anapitirizabe kulowa m'Malawi ngati katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, ambiri kuchokera ku South Africa ndi ku UK. Ndi makina amenewa amene anadzaza mashopu a magemu m'matauni.

Mashopu a magemu ku Area 24

Area 24 ili kummwera chakummawa kwa mzinda wa Lilongwe, moyandikana ndi Area 23, ndipo malo ake odziwika a malonda ndi msika wa Ngwenya. Monga m'matauni ena a anthu ambiri, makina a magemu si katundu wopezeka nyumba iliyonse. Achinyamata ambiri amakumana nawo m'timashopu tokhala ndi TV imodzi kapena zingapo, mabenchi ndi mapadi, nthawi zina pafupi ndi pometera tsitsi, potchajitsira mafoni kapena poonetsa mpira ndi mafilimu. Wosewera amalipira pa gemu iliyonse kapena pa mphindi zimene wagwirizana ndi mwini shopu. Pamasewero a mpira anyamata amakonda kupangana kuti wogonja ndiye alipire, wopambana n'kukhalabe pa padi kudikira wina.

Magemu amene amakoka anthu m'malo otere ndi a mpira, Pro Evolution Soccer ya Konami ndi FIFA ya Electronic Arts, kenako omenyana monga Mortal Kombat ndi Tekken, komanso Grand Theft Auto: San Andreas ya mu 2004 ndi God of War. M'mashopu amene akupeza bwino PlayStation 2 yalowedwa m'malo ndi PlayStation 3 kapena 4, koma makina akalewo sanatheretu chifukwa ndi otchipa ndipo amisiri a m'misika amatha kuwakonza. Ambiri anasinthidwa kuti aziwerenga magemu pa fulashi m'malo mwa DVD.

Shopu yotereyi imafanana ndi ndondomeko za makampani aja pa chinthu chimodzi: wosewera amalipira nthawi yosewera, gemuyo si yake. Kusiyana kwake n'kwakuti ku shopu munthu amalipira makwacha ochepa pamanja, safuna akaunti, khadi la kubanki kapena intaneti, ndipo amasewera ndi mnzake atakhala naye benchi imodzi, ena akuonerera ndi kukuwiza kumbuyo.

Chodabwitsa n'chakuti magemu a mpira, amene ndi mtima wa mashopuwa, ndi amene amasowa kwambiri pa mindandanda ya magemu akale. Gemu ya mpira imakhala ndi mayina ndi nkhope za osewera, zizindikiro za matimu ndi nyimbo, ndipo chilichonse mwa izi chili ndi chiphaso cha zaka zowerengeka. Chiphaso chikatha, gemuyo singagulitsidwenso. Pro Evolution Soccer 6 ya mu 2006, imene ambiri amaiyesa yabwino kuposa zonse za mtundu wake, sipezeka pa PlayStation Plus. Konami inasintha dzina la gemuyo kukhala eFootball mu 2021, ndipo Electronic Arts itasiyana ndi bungwe la FIFA mu 2023 inachotsa magemu akale a FIFA m'masitolo a pa intaneti n'kuyamba EA Sports FC.

Zolepheretsa ku Malawi

Vuto loyamba ndi dziko la akaunti. Malawi sili pa mndandanda wa mayiko a PlayStation Network, ndipo sitolo ya Nintendo eShop ndi Xbox Game Pass sizigulitsidwa kuno. Kummwera kwa Sahara, South Africa ndi limene makampani onse atatu amalitumikira mokwanira. Munthu wa ku Lilongwe amatsegula akaunti ngati ya ku South Africa, America kapena UK, kenako amagula makadi a ndalama za dzikolo, amene amakhala ndi nambala yolowetsa mu akaunti. Ena amatumiziridwa nambalayo pa WhatsApp ndi abale awo a ku Johannesburg kapena Cape Town, ena amagula kwa anthu ochita malondawa, amene amaikapo phindu lawo. Khadi liyenera kukhala la dziko lomwelo la akauntiyo, apo ayi limakanidwa. Pa PlayStation dziko la akaunti silisinthika ikatsegulidwa, pomwe Nintendo imalola kusintha. Kulemba dziko limene munthu sakhalamo n'kosemphana ndi malamulo a makampaniwa, ndipo akaunti ikavuta zimakhala zovuta kupeza thandizo.

Vuto lachiwiri ndi ndalama zakunja. Mitengo ili m'madola, marandi kapena mapaundi, pamene Malawi yakhala pa vuto la kusowa kwa ndalama zakunja kwa zaka zingapo. Banki yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndiye kuti madola 19.99 a Nintendo anachoka pa ndalama pafupifupi K23,600 kufika pa K34,000 tsiku limodzi, kampaniyo isanakweze kalikonse. Amene amagula makadi kwa amalonda amalipira kuposa pamenepa chifukwa amalondawo amawerengera mtengo wa dola wa pamsika wosavomerezeka.

Lachitatu ndi intaneti ndi magetsi. Anthu ambiri m'matauniwa amagwiritsa ntchito mabandulo a Airtel kapena TNM pa foni, ndipo makina a magemu amalumikizidwa kudzera pa foniyo. Pa magemu a NES ndi Super Nintendo izi n'zokwanira, chifukwa kudawunilodi kumachitika kamodzi ndipo kutsimikiza kwa pa masiku 7 kumadya data yochepa. Pa PlayStation 4 ndi 5 gemu imodzi itha kumaliza bandulo ya mwezi. Starlink inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, koma zipangizo zake ndi zodula kwa mabanja ambiri. Pankhani ya magetsi, kuthimathima kunafika poipa mu 2022 namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130. Nthawi ngati imeneyo shopu ya magemu yopanda jenereta kapena sola imatseka. Apa Nintendo Switch ili ndi mwayi woti ili ndi batire ndi sikirini yake, choncho imaseweredwa maola angapo magetsi atathima, ngakhale kuti m'matauni muno ndi yosowa poyerekeza ndi PlayStation.

Mafoni ndi tizipangizo totchipa

Njira imene achinyamata ambiri amaseweradi magemu akale ndi foni ya Android. Pulogalamu ya PPSSPP, imene Henrik Rydgård wa ku Sweden anaiyambitsa mu 2012, imayendetsa magemu a PSP ngakhale pa mafoni otsika mtengo. Mafayilo a magemu amapatsirana kuchoka pa foni kupita pa foni popanda data, kapena amakoperedwa kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'misika. Magemu a mpira a pa PPSSPP amakonzedwanso ndi okonda masewerowa chaka ndi chaka, kuikamo osewera ndi mayunifomu atsopano pa gemu yakale. Apple inayamba kulola mapulogalamu otere pa iPhone mu Epulo 2024.

M'mashopu a zamagetsi mumapezekanso tizipangizo tolowetsa kumbuyo kwa TV, tobwera ndi mapadi awiri opanda nthambo ndi magemu masauzande oikiratu. Ndi mdzukulu wa katiriji yachikasu ija, ndipo vuto lobwereza magemu lidakalipo.

Emulator payokha si yoletsedwa m'mayiko ambiri, koma kukopera ndi kugawa mafayilo a magemu popanda chilolezo cha eni ake n'kuphwanya malamulo a umwini wa ntchito zaluso. Ku Malawi lamulo la Copyright Act la mu 2016 limateteza mapulogalamu a kompyuta, ndipo bungwe loyang'anira zaumwiniwu ndi COSOMA.

Umwini ndi kusungika kwa magemu

Anthu amene amatsutsa ndondomeko zolipira pamwezi amanena kuti zachotsa umwini m'manja mwa wosewera. Katiriji ya mu 1990 ikugwirabe ntchito lero ngati makina ake alipo, ndipo mwini wake atha kuibwereketsa, kuisinthanitsa kapena kuigulitsa. Pa Nintendo Switch Online ambiri mwa magemu akalewa sagulitsidwa paokha, choncho amene akufuna gemu imodzi yokha ayenera kulipira chaka chilichonse. Oikira kumbuyo ndondomekozi amati mtengo wa chaka chonse ndi wotsika kuposa wa katiriji imodzi yosowa kwa osonkhanitsa zakale, ndiponso kuti zathandiza ana amene anabadwa pambuyo pa 2000 kudziwa magemuwa mwa njira yovomerezeka.

Mindandandayi ndi kachigawo kochepa ka magemu onse amene anapangidwa. Mu Julayi 2023 bungwe la Video Game History Foundation linatulutsa kafukufuku woonetsa kuti 87 peresenti ya magemu amene anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010 sakugulitsidwanso mwa njira iliyonse. Komanso gemu ikalowa pamndandanda sizitanthauza kuti ikhalapo mpaka kale. Sony ndi Microsoft zimachotsa magemu ena pafupifupi mwezi uliwonse. Nintendo inakhala zaka zoposa 6 osachotsa gemu yakale, mpaka mu Malichi 2025 pomwe inachotsa yoyamba pa mndandanda wa Super Nintendo. Gemuyo inali Super Soccer, ya mpira wamiyendo.